Zomwe Ndinamva ku Mjigo

Amalume anga a Eneya anatopa ndi anyani otsika m'phiri la Michesi kudzawathera chimanga. Ndiye anakapangitsa mfuti kwa a Bashiri, owotcherera zitsulo pa Migowi. A Bashiriwo anayezera mfutiyo pa chipolopolo chimodzi chachifupi chomwe amalume anapita nacho.

Inetu nkhani sizindidutsa. Ku mjigo ndinamva akazi awo a Bashiri akunong'oneza anzawo kuti, "Abambo kwathu ali ndi nkhawa. Akuti a Eneya agula zipolopolo zina zazitali, zosagwirizana ndi mfuti ija. Akangozikakamiza, iwaphulikira."

Ndowa ndinaisiya pomwepo, liwiro kunyumba. Ndinawapeza amalume pakhonde akupukuta mfutiyo.

"Amalume, ndamva ku mjigo kuti..."

"Iwe Shakira, wayambanso? Pakamwa ngati wailesi! Si iwe unayambanitsa mayi ako ndi aneba mwezi watha? Ukangotchulanso za ku mjigo, ndikukwapula."

Ndinakhala chete. Ine amene, ndinakhaladi chete.

M'mawa mwake anapita kumunda. Chipolopolo chitakana kulowa, anachikhoma ndi mwala mpaka chinalowa. Ife kunyumba tinangomva kuti phuu! Anthu anawakweza pa kabaza kupita kuchipatala ku boma, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje cha mayi. Kunatsala zala ziwiri zokha.

Dzulo ndikuwamwetsa phala, anandifunsa motsitsa mawu. "Paja tsiku lija umati wamva chiyani ku mjigo?"

Ndinayang'ana bandeji ya padzanja lawo.

"Palibe, amalume. Inali miseche chabe."