Nthenda ya Maso a Pemphero

Adokotala atazimitsa katochi kawo, anauza Pemphero kuti akadikire panja. Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zitatu, anatuluka akupapasa chitseko. Mayi ake, Miriam, anatsala ndi khanda kumsana.

Adokotala anati nthendayo ndi gulokoma: madzi a m'diso satuluka bwino, ndiye amapanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha. Diso lamanzere linali litatha kale. Koma kwa ana nthendayi ili mitundumitundu. Ina imaonekera mwana akangobadwa, ina imadza diso likavulala, ina imayamba ndi mankhwala odontheza, ndipo ina imayenda m'magazi n'kudzuka mwana atasinkhuka. Ankafuna kudziwa kuti ya Pemphero ndi iti.

Miriam anafulumira kutulutsa kabotolo ka mankhwala odontheza komwe anagula pamsika wa Lirangwe, maso a mwanayo atayamba kuyabwa. Mumtima ankapempha kuti cholakwa chikhale chake, chifukwa zikatero ana ena atatu apulumuka.

Adokotala anakayang'ana n'kumubwezera. "Awa sangachite zimenezi, mayi. Kwanu kapena kwa bambo ake, alipo anasiya kuona akadali wamng'ono?"

Miriam anazyolika. Mchimwene wake Yobu ankakonza njinga ku Chileka, ndipo anachita khungu asanakwatire n'komwe. Kumudzi ankati anamulodza. Mayi awo nawonso anamwalira akuyendera ndodo.

"Alipo," anatero.

Adokotala anati mtundu umenewo supweteka, umangodya m'mbalim'mbali mwakachetechete. Opaleshoni ikhoza kusunga zotsala m'diso lamanja, koma zotayika sizibwerera. Ana onse abwere nawo, ndipo azibwera chaka ndi chaka ngakhale atapezeka bwino.

"Ndi uyu yemwe?" Miriam analoza kumsana.

"Ndi iyeyo."

M'minibasi Pemphero anafunsa kuti magalasi amupatsa liti, poti zapabolodi zikumudutsa. Miriam anati posachedwa. Pa Lirangwe anapeza mwamuna wake, Stanford, akudikira ndi njinga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi zakwathu."

Stanford anatembenuza njinga. Anakweza Pemphero pakaliyala n'kuyamba kukankha, Miriam akutsatira m'mbuyo.

Atafika pakhomo, Thandizo, mng'ono wake wa Pemphero, anathamanga kudzawachingamira. Anagunda ndowa yomwe inali pambali pa njira, madzi onse n'kutayika. Stanford anamukalipira kuti aziyang'ana poyenda.

"Musiyeni," anatero Miriam motsitsa mawu.

Anakhala pansi pomwepo, khanda likadali kumsana, n'kumuitana Thandizo kuti abwere pafupi.