Phazi Lakumanzere

Nkhafi yoyamba inagwera pamsana. Yachiwiri Usman analunjika kumutu, koma munthuyo anatchinga ndi mkono, ndipo kulira kwa fupa kunamveka mpaka kuseri kumene amayi ankapeta mpunga wa sadaka.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo ake, a Amiri, msilikali amene anasiya mwendo ku Mozambiki ataponda bomba lokwirira akulondera njanji. Phazi limene anawapatsa kuchipatala linkaterereka pamiyala ndi kutitimira mumchenga wa ku Liwaladzi, choncho anadzisemera lawo la mlombwa, n'kuika mphira wa tayala pakakolo kuti lizipindika motsata nthaka. Analima nalo m'matope, anakwera nalo bwato, mpaka chifuwa chinawatenga.

Tsono pa sadaka yawo panatulukira Stefano, Payoniya wakale uja amene anagwetsa mayi a Usman pamsika chifukwa chosowa khadi ya chipani, n'kuwaponda pakamwa ndi jombo.

"Ukufuna chiyani pano, galu iwe?" anakuwa Usman.

"Ndadzapepesa maliro," anayankha Stefano, atagwira mkono wothyokawo.

"Mano a mayi anga wabwera nawo? Nanga ndime ya ababa yomwe walima chaka chino, unawaopseza ndi chiyani kuti akupatse?"

Amuna amene anali pamikeka sanadzuke. Ambiri anali ndi zipsera zawo za nthawi ya makhadi. Shehe yekha ndiye anati, "Usman, opa Mulungu," koma mawu ake anamira m'phokoso.

Nkhafi yachitatu inapita kumwendo wakumanzere. Sipanalire fupa, panalira mtengo. Lamba anaduka, phazi linathothoka m'buluku n'kugubuduka pafumbi litang'ambika pakati. Usman anaona mlombwa ndi mphira wa tayala, ndipo anazindikira luso la bambo ake.

"Waba! Mpaka kubera maliro?"

"Sindinabe," anatero Stefano, magazi akuchucha m'mphuno. "Asilikali anandiwombera muja ankatilanda mfuti. Ndinabwerera kuno ndikukwawa, ana akundigenda. A Amiri anandipeza padoko, anayeza chitsa changachi ndi luzi, n'kundisemera phazili."

Usman anakweza nkhafi ndi manja onse awiri, koma wina anaigwira kumbuyo. Anali mayi ake, a Habiba, mpango wa maliro utasolotoka.

"Siya."

"Amayi, mwaiwala?"

"Ndingaiwale bwanji, pamene ndimatafunira mbali imodzi?" anatero mayiwo. "Ine sindinamukhululukire, ngakhale lero. Tsiku lomwe bambo ako anamupatsa ndime ija ndinasamuka, ndinakakhala kwa achemwali anga. Bambo akowo ananditsatira, anangokhala pakhonde n'kunena kuti, 'Habiba, wokwawa samenyedwa.' Ukamupha pano, ndani adzabwere kudzawapempherera bambo ako pabwalo la magazi?"

Anamulanda nkhafi n'kuiponya kutali. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi kanthu kokulunga m'malaya ausilikali othetheka. Sanamuyang'ane Stefano. Anakaika pansi patsogolo pa mwana wawo.

"Bambo ako ankati loyamba lija layamba kufumbwa. Ili asema akutsokomola magazi, ine ndikuwakalipira kuti agone. Latsala lamba basi. Ngati sufuna, kaponye pamoto."

Usman anafunyulula malayawo. Linali phazi latsopano, losalala, mphira utakhomedwa kale pakakolo. Bambo ake anaduka mwendo wakumanja. Ili linali lakumanzere.

Anagwada. Pambali pake Stefano ankabuula, akazi awiri akumumanga mkono ndi chitenje. Usman anatembenuza phazilo n'kuyendetsa chala chake kutsogolo kwake. Zala zisanu zinalipo, ndipo pa chilichonse a Amiri anali atasema ngakhale chikhadabo.