Mwana wa Makhonsolo Atatu

Pamene Fyness ankadwala, padalibe khonsolo ndi imodzi yomwe imene inkamudziwa. A ku Nkhotakota ankati mayiyo ngwa ku Salima, poti ndiko adabadwira. A ku Salima ankati adasamuka kalekale, akadandaule kumene akukhalako. Adamwalira pamphasa kuseri kwa nyumba ya mnansi wake Rukiya, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, n'kusiya khanda lotchedwa Lazaro. Bambo wa mwanayo adali atatsogola kale, ndipo abale sadaoneke ngakhale pamaliro.

Rukiya, mkazi wa Swaleh msodzi wa mpasa, nayenso adali ndi khanda lake, Saida. Sadafunse munthu. Adatola Lazaro n'kumuika kubere lamanzere, Saida ali kulamanja. Anzake adamuopseza kuti nthenda imene idatenga mayi uja imulowa, iye n'kungoyankha kuti mwana akulira. Shehe atamva adanena zimene aliyense wa kumzikiti amadziwa: mwana woyamwa bere lako mpaka kukhuta ndi wako. Kuyambira pamenepo Lazaro ndi Saida adali munthu ndi mlongo wake, osadzakwatirana mpaka kalekale.

Kenaka kudabwera matipate, chilichonse n'kuyamba kufuna kusintha. Makhonsolo atatu oyandikana adagwirizana zotsegula ofesi imodzi yopezera ana amasiye makolo atsopano. Tisaname, ganizolo silidali loipa. Ana amasiye adali mbwee, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma dziko lino lili ndi nthabwala zake: mwana amene mayi wake adakanidwa ndi makhonsolo awiri tsopano adapezeka ndi eni ake atatu.

Galimoto la ofesiyo lidafika m'mawa, Rukiya akuyanika chinangwa choviika pathandala. Mudatsika Raston, mkulu wa ofesi, amene adali atabwerapo kale n'kubwezedwa. Ulendo uno adabwera ndi mayi wina wovala bwino, mphunzitsi wa ku Salima dzina lake Benedicta, atafumbata tinsapato tofiira. Rukiya atangoona tinsapatoto, adadziwa chimene abwerera. Adachita mantha enieni, pakuti Swaleh adali kunyanja ndipo amuna ena onse adali kudambo la mpunga.

"Mayi, tidakambirana kale," adatero Raston. "Mwanayu alibe wachibale. Akuluakulu a makhonsolo onse atatu agamula kuti apite kumene akaleredwe bwino."

"Alibe wachibale? Nanga uyo akumulanda chinangwayo ndani?"

"Ameneyo ndi mwana wanu."

"Ndiye mlongo wakeyo, bwana."

Raston adapukuta thukuta. Sadali munthu wankhanza ayi, adangokhala wokhulupirira kuti chimene chagamulidwa ndi anthu ambiri ovala majekete sichingalakwike. "Bere si magazi, mayi. Komanso mayi wake adali Mkhristu, inu ndinu Asilamu."

"Kodi dzina ndamusintha? Adabwera ali Lazaro, ndipo ndi Lazarobe. Tsiku limene Fyness ankatsirizika, Chikhristu chake mudachikumbuka? Ndidapita ndekha kuboma kukapempha galimoto ngati lomweli kuti limutengere kuchipatala. Adandiuza kuti si wa kuno."

"Nthawi imeneyo makhonsolo adali asadagwirizane."

"Ndiye mwagwirizana mochedwa. Ine ndi mwanayu tidagwirizana kale."

Amayi a m'mudzi adayamba kusonkhana, ena mitondo atasiya pakati. Raston adaona kuti nkhani ikatalika imukulira. Adakodola dalaivala kuti anyamule mwana.

Apa mpamene Rukiya adachita chimene mpaka lero chimasimbidwa ku Bua. Sadakuwe, sadagwe pansi. Adasasa m'manja, n'kubereka Saida kumbuyo, n'kunyamula Lazaro. Adayenda yekha kupita pagalimoto, adatsegula chitseko, n'kukhala pampando wakutsogolo, pamalo pa bwana. Atakhazikika adatulutsa bere, Lazaro n'kuligwira ndi manja onse awiri ngati mwini wake.

"Tiyeni," adatero.

"Tipite kuti, mayi?"

"Kumene mukumutengera. Mwanayu sadaleke kuyamwa, ndipo bereli silizuka. Mlongo wake sangatsale, poti ana a bere limodzi salekanitsidwa. Amuna anga atipeza komweko ndi maukonde awo. Makhonsolo ndi atatu, simungalephere kutidyetsa."

Amayi aja adaseka chikhakhali, koma Rukiya sadaseke. Dalaivala adayang'ana Raston, Raston adayang'ana kunyanja. Kukoka mayi woyamwitsa pamaso pa mudzi wonse, m'masiku amene wailesi inkangoimba za ufulu, sichidali chinthu choti munthu n'kuchiyamba.

Amene adasuntha adali Benedicta. Adafika pazenera n'kuima, akuyang'ana mwana amene adamukonzera kale bedi kunyumba kwake. Lazaro adamuyang'ana ndi diso limodzi osasiya bere.

"Adandiuza kuti alibe mayi," adatero motsitsa.

"Adakunamizani, achemwali."

Rukiya adali atakonzeka kumenyana ndi mdani, koma nkhope imene adaiona pazenerapo idali ya mkazi mnzake wosowa mwana. Adamumvera chisoni, chisoni chenicheni. Komabe dzanja limene lidagwira Lazaro sadalimasule ngakhale pang'ono.

Benedicta adalowetsa manja pazenera, adamuveka mwanayo tinsapato tija, n'kutembenukira kwa Raston. "Bwana, ine sindidabwere kudzalanda. Ndipezereni amene alibedi munthu. Mwati alipo ambiri."

Adakakhala kumpando wakumbuyo, nkhope atabisa m'mpango.

"Nkhaniyi siinathe, mayi," adatero Raston. "Tibweranso, mwina ndi apolisi."

"Mudzabwere ndi lole, poti mbumba yathu ndi yaikulu."

Ndipo Rukiya sadatsike msanga. Adawasiya onse ali chilili padzuwa, bwana, dalaivala ndi makhonsolo awo atatu, mpaka mwana wake adakhuta.