Msana wa Namfedwa

"Dzukani, alamu. Bokosi lafika pakhonde."

Susan anamva bwino lomwe. Mtima wake unali utadzuka kale n'kutuluka panja, koma thupi linakana kutsatira. Anayesa kutsamira chigongono pamphasa, ululu n'kuchokera m'chiuno kutsika mwendo wamanzere ngati waya wotentha. Anabwerera pansi ataluma mano kuti asakuwe.

Amene ankamudzutsawo anali a Dora, mlongo wawo wamkulu wa malemu a Langford, mwamuna wa Susan. Anabwera kuchokera ku Msoro tsiku lomwe uthenga unawapeza, chitenje atamanga molimba m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo maliro onse ankayenda m'manja mwawo. Ndiwo analamula kuti mipando itulutsidwe, bedi liimikidwe kukhoma, namfedwa agone pasimenti monga mwambo unenera. A Dora sanali munthu wobwereza mawu kawiri.

"Ndati dzukani. Abusa akuti teni awazi tikunyamuka."

"Ndikubwera, alamu," anatero Susan, osasuntha.

Bokosilo linkayenera kutsegulidwa kamodzi kokha, pakhonde pomwepo, kenaka anthu alisenze kupita kumanda kutsidya kwa mtsinje wouma, kumene galimoto siifika. Susan anali asanaone nkhope ya mwamuna wake chichokereni m'mawa uja pa njinga kupita ku ntchito, atanyamula botolo la madzi ndi chipewa chake chong'ambika. Anagwera ku ntchito komweko, ndipo thupi linapita kumochale iye asanafike. Akalephera kuimirira tsopano, ndiye kuti sadzawaonanso mpaka kalekale.

A Langford ankagwira ntchito pa kakiliniki kowongola misana ku Mfuwe. Kumeneko kunkabwera madalaivala a m'maloji a alendo amene misewu ya m'paki ya nyama inawaphwanya ziuno, anyamata osenza zikwama za alendo, ndi azimayi ochapa zofunda tsiku lonse atawerama. Ambiri ankabwera ndi makhadi a inshuwaransi a kuntchito kwawo. Amene analibe khadi ankadziwa njira ya kunyumba kwawo ku Mnkhanya, kumene Loweruka a Langford ankawagoneka pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Chigwa chonse cha ku Mfuweko chinkawatcha adokota a msana, ngakhale iwo ankakana kuti si dokota. Anthu ankawasekanso ndi kakhalidwe kawo kena. Asanagwire munthu ankayamba atikita zikhatho zawo, n'kuuziramo mpweya, n'kunena kuti "Odi," ngati afika pakhomo pa eni. Ankatero ngakhale mu Okutobala, pamene dzuwa la m'chigwa limawotcha ndi mthunzi womwe.

Chimene chigwa sichinkadziwa n'chakuti wodwala wawo woyamba tsiku lililonse anali mkazi wawo. Ali mtsikana wongokwatiwa kumene, Susan anagwa pa nsanja yolondera njovu kumunda, ndipo msana sunabwererenso m'malo mwake. Sanauze achibale a mwamuna wake. Akanawauza bwanji, a Dora atanena kale pa ukwati, anthu akumva, kuti mlongo wawo watola kamtsikana ka ku Chipata ka mafupa a nkhuku, kosadziwa mpini wa khasu? Susan analumbira kuti sadzawapatsa mpata woti anene kuti tinanena ife. Choncho m'mawa uliwonse chitseko chinkatsekedwa, a Langford n'kumuwongola mpaka aime bwino, kenaka iye n'kutuluka ndi ndowa pamutu ngati mkazi wina aliyense. Azimayi a pamjigo ankamuseka kuti anthu a imvi kumatsekabe chitseko dzuwa litatuluka, ndipo iye ankaseka nawo.

Tsopano wotseka chitseko uja anali m'bokosi, ndipo simenti inali itamaliza zimene nsanja inayamba.

Azimayi amene anadzaza m'nyumbamo anasiya nyimbo pakati. Kunong'ona kunayamba chakukhomo n'kumayenda m'mbali mwa khoma.

"Akana kuona mwamuna wake?"

"Pali chimene adziwa ameneyu. Munthu wabwinobwino kungogwa chabe?"

Susan anawamva, ndipo mantha anamugwira kuposa ululu. Mawu otere akangotuluka pa maliro sabwereranso m'kamwa. Amakutsata kumjigo, kutchalitchi, mpaka ana ako.

Natasha, mwana wake yekhayo, anakwawa pakati pa miyendo ya anthu n'kudzagwada pafupi ndi mutu wake. Iye yekha ndi amene ankadziwa za msanawo, ndipo dzulo lake anayesa kuwatikita amayi ake mobisa, koma manja amantha anangowonjezera ululu.

"Amama, ndatuma foni ku kiliniki," ananong'ona. "Wa pa desiki akuti khadi lanu linali pa dzina la adadi, manje kompyuta yalitseka. Koma a Clever amva. Akuti khadi ni la kompyuta, manja ni awo. Ali panja."

Clever anali mnzawo wa a Langford pa ntchito, amene anaphunzira zambiri kwa iwo. Susan anamuona pa chitseko, wamtali, thukuta lili chuchuchu, nsapato atavula kale. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo anapuma mpweya wonse.

Koma a Dora anafika pakhomopo msanga kuposa iye.

"Mufuna chiyani kwa azimayi kuno?"

"Pepani amama, ndimafuna kuona amake Natasha. Mphindi zochepa chabe."

"Kuwaona kapena kuwagwira? Ndikudziwani inu, ndinu a misana. Mwamuna wake akali pakhonde, asanalowe m'nthaka, inu mugwire namfedwa m'chiuno? Kwanu amachita tero?"

"Ni ntchito chabe, amama."

"Ntchito ku kiliniki kwanu. Kuno ni maliro a mlongo wanga."

Clever anayang'ana Susan, nayang'ana amuna amene anakhala chete pansi pa mango akumvetsera, n'kubwerera chafutambuyo. Sakanachitira mwina. Akanalowa mokakamiza, mlandu wake ukanagwera namfedwa yemweyo.

Panja kwaya inayamba nyimbo yotsanzikana. Susan anamva kulira kwa zomangira za chivundikiro akuzimasula, kenaka mapazi a anthu akuyamba kuzungulira bokosi.

"Mugwireni," a Dora analamula. "Ngati miyendo yachita ulesi, timuthandiza."

Azimayi awiri anamugwira m'khwapa n'kukoka. Kukuwa kumene kunatuluka mwa Susan sikunali kwa maliro. Aliyense amene anaberekapo anakuzindikira, ndipo azimayi aja anamusiya msangamsanga ngati agwira mphika wamoto. Anagwa chammbali, misozi ndi thukuta zitasakanikirana.

"Anti, mudzawapha!" Natasha analira. "Amama, auzeni. Mukapanda kuwauza ndinena ndine."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Susan anayang'ana mapazi a a Dora, ong'aluka ndi minda ya thonje, ndipo kunyada kumene anakusunga zaka zonsezi anakuona kuti n'kopanda pake poyerekeza ndi nkhope imene inali pakhondepo.

"Alamu, msana wanga unathyoka kale," anatero. "Ndinagwa pa nsanja Natasha asanabadwe. Atate ake ndiwo amandidzutsa m'mawa uliwonse. Popanda iwo sindingaime. Munanena zoona, ndine wa mafupa a nkhuku. Nenani zonse zimene mufuna, koma ndithandizeni ndiwaone. Ndapota nanu, asatseke bokosi."

Susan anadikira mawu aja, akuti tinanena ife. Sanabwere.

A Dora anali ataima chilili, pakamwa pali potsegula pang'ono.

"Mbali iti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Kumanzere."

"Pamwamba pa fupa la chiuno? Pali kachipsera?"

Susan anadzutsa mutu. Kachipserako sikanaonedwepo ndi munthu wina koma mwamuna wake.

A Dora anakhala pansi mwadzidzidzi. Anagwira kukamwa.

"Langford iwe," anatero. "Mwana woipa iwe."

Kenaka anayamba kufotokoza, osayang'ana munthu. Chaka chatha, nthawi yokolola thonje, mlongo wawoyo anayamba kubwera ku Msoro pafupipafupi. Anatenga thumba la thonje, nalisoka pakamwa, najambulapo msana wa munthu ndi khala, n'kuika kachizindikiro kumanzere. Ankawagwiritsa thumbalo madzulo alionse mpaka manja kuwawa. Apa kanikizani, apa musayerekeze, bondo mulipinde chotere.

"Ndinamufunsa kuti ukalamba wanga uno ndikhale dokota wa matumba? Akuti phunzirani chabe, alongo, kuli munthu wina wamwano ngati inu nomwe, sadzapempha. Tsiku limene adzapemphe mudzakhale pafupi. Ndinati nanga iwe upita kuti? Anangoseka."

Susan anakumbukira timapiritsi toyera timene a Langford anayamba kumwa atabwerako ku chipatala cha ku Chipata, n'kumati n'ta kuthamanga kwa magazi chabe. Anakumbukira mmene mwamuna wakeyo ankaimira pa chitunda cha kumjigo, njinga ili m'manja, n'kumanamizira kuyang'ana mbalame. A Langford ankadziwa kuti mtima wawo ukutha. Ankadziwanso mwambo wa kwawo, kuti pa tsiku ngati ili palibe mwamuna amene angaloledwe kumugwira Susan, ndipo pa akazi onse a m'chigwa anasankha amene sangathamangitsidwe m'nyumba ya maliro ndi wina aliyense.

A Dora anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ukali wawo n'kubwerera.

"Natasha, kauze abusa kuti bokosi lisatsekedwe mpaka ine nditanena. Akafunsa, uti kwaya ibwereze nyimbo. Uwauze a Clever aime pawindo, kumbuyo atatembenukira kuno, ndikasokoneza andikumbutse. Inu nonse tulukani. Tsekani chitseko."

Chitseko chinatsekedwa. A Dora anagwada, namutembenuza Susan chammbali pang'onopang'ono, napinda chitenje n'kuchiika pakati pa mawondo ake. Kenaka Susan anamva kaphokoso kamene ankaganiza kuti sadzakamvanso, ka zikhatho zikutikitana. A Dora anauziramo mpweya.

"Odi," anatero, mwamanyazi, ngati mwana wobwereza zimene anaphunzitsidwa.

Susan anangogwedeza mutu.

Manjawo sanali a a Langford. Anali okhakhala, olemera, ndipo poyamba anakanikiza pamwamba kwambiri mpaka Susan anabuula.

"Tsikani pang'ono, amama," Clever anatero pawindo, akuyang'ana kumunda. "Musakankhe, mungotsamira. Muziwauza apume."

"Ndidziwa," a Dora anakalipa, koma anatsika. "Pumani, alamu. Thumba lija silimabuula, ndiye mundikhululukire."

Susan anadzimva akuseka pakati pa misozi, ndipo m'kuseka momwemo china chake chinamasuka m'chiuno. Ululu sunathe, koma unabwerera m'malo mwake mwa masiku onse, mmene ankaudziwira. Panja kwaya inamaliza nyimbo, n'kuyambanso yomweyo kachitatu, mawu a azimayi atayamba kusasa.

"Manje gwirani khosi langa," a Dora anatero. "Tiimira pamodzi. Mukagwa, tigwa tonse."

Anaima. Sanawongoke bwinobwino, ndipo mwendo wamanzere unkakoka pansi, koma anaima. Chitseko chitatsegulidwa, kuwala kunamubaya m'maso, anthu n'kupatuka. A Dora ankayang'ana uku ndi uku ngati akufunsa kuti alipo amene ali ndi mawu, ndipo panalibe.

Kuchokera pachitseko kufika pa bokosi panali pafupi, koma anayenda nthawi yaitali. A Langford anagona atavala shati yawo yoyera ya ku ntchito, kolala itapindika mbali imodzi monga mwa masiku onse. Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene Susan ankaikumbukira. Anafuna kuwakalipira chifukwa chomubisira matenda a mtima, anafunanso kuwathokoza.

Abusa anayang'ana dzuwa, nayang'ana amuna amene anagwira chivundikiro. A Dora anawayang'anitsitsa, amuna aja n'kudikira.

Susan anachotsa dzanja paphewa la mlamu wake, naima payekha. Anatikita zikhatho zake pang'onopang'ono mpaka zitafunda, nauziramo mpweya.

"Odi, atate ake Natasha," ananong'ona.

Kenaka anawakonzera kolala ija, naika dzanja lofundalo pamphumi pawo.