Chophuka Chikakana Kubwerera

Tsiku lachitatu a Silvestro anasiya ngakhale kubuula. Anangogona pamphasa atapinda mawondo, mimba itafufuma ngati ng'oma.

A Silvestro anali mlimi wa mbatata ya kachewere ku Domwe. Kwa zaka zinayi anali ndi chophuka m'mphechepeche, mbali yakumanja. Chinkatuluka akanyamula matumba, koma akagona chagada n'kuchikankha pang'ono, chinkabwerera. Lolemba chinatuluka ali kumunda, ndipo sichinabwererenso.

Akazi awo, a Paulina, anayesa zonse. Anawathowa ndi madzi otentha. Anawamwetsa mizu yotsegula m'mimba, koma anasanza zobiriwira ngati ndulu. Chimbudzi sichinkabwera, mpweya womwe osatuluka.

"Bambo a Neusa, tiyeni kuchipatala," a Paulina anadandaula.

"Akanding'ambe?" anayankha motsitsa mawu. "Atate anawang'amba tili kothawa nkhondo ku Malawi. Tinawasiya komweko. Ine ndifere pano, mundiike pafupi ndi amayi."

A Paulina anatuluka akulira. Anadutsa m'munda mwa nyemba mpaka kunyumba kwa a Osvaldo, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. A Osvaldo atafika anagwira chotupacho. Chinali gwa, chotentha, khungu litayamba kuda. Anapukusa mutu.

"Achimwene, thumbo lanu lapanikizika muno. Magazi sakufikako, likufa."

"Palibe jakisoni woti chiphwe?" anafunsa a Paulina.

"Palibe, mlamu. Matenda ambiri a m'mimba, monga njoka, zilonda kapena kutsegula, amatha ndi mankhwala. Koma thumbo likapanikizika kapena kupotana, mankhwala salimasula. Pamafunika operasau, kung'amba basi."

"Nanga ife tikadadziwa bwanji?"

"Chophuka chikakana kubwerera n'kumawawa. Munthu akamasanza zobiriwira, mimba ikufufuma, osachita chimbudzi. Mimba ikauma ngati thabwa, kapena kuwawa kukakhazikika m'munsi chakumanja thupi likutentha. Akasanza magazi. Zikatero musadikire mawa. Musam'patsenso chakudya kapena zitsamba, ndipo musachikankhe mokakamiza."

A Silvestro anatsegula maso. "Ong'ambidwa amadzuka?"

"Ambiri amadzuka. Atate anu anadwala masiku angati asanapite kuchipatala?"

"Sabata yathunthu."

"Ndiye sunali mpeni unawapha, achimwene. Inuyo mwachedwa kale, sindikunamizani kuti palibe choopsa. Koma mukatsala pano, Lamlungu simulifika."

Misozi inatsikira m'makutu mwa a Silvestro. Kenako anakweza dzanja kuti awadzutse.

Galimoto yonyamula chimanga ndi imene inawatengera ku Ulongwe. Njira yonse a Paulina anawagwira mutu, osadziwa ngati akuperekeza wodwala kapena maliro. Anadikira pakhonde la chipatala maola anayi.

Madokotala anadula chidutswa cha thumbo chotalika ngati mkono, chitada kale. Bala linachita mafinya, ndipo a Silvestro anagona m'chipatala milungu itatu. Kumudzi mvula inavumba, mbatata zosakumba zinaolera m'nthaka. Chaka chimenecho banjali silinagulitse thumba ndi limodzi lomwe.

Pa tsiku lotuluka, dokotala anawauza kuti akadabwera chophukacho chikadali chobwerera, ikadakhala operasau yaying'ono, kugona masiku awiri okha. A Silvestro anangowerama.

Anafika kwawo ataonda, akuyendera ndodo, ataletsedwa kunyamula katundu kwa miyezi itatu. Koma anafika amoyo. Amuna anzawo atabwera kudzawazonda, sanabise kanthu.

"Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli nacho, mukungochita manyazi ngati ine," anatero. "Pitani akakuoneni chikadali chofewa. Si kuwawa kulikonse kwa m'mimba kumene kumafuna mpeni. Koma chophuka chikakana kubwerera, mimba ikafufuma, mukamasanza zobiriwira, nyamukani tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masiku atatu, ndipo ndasiya thumbo langa ku Ulongwe."