Ndege Yathyoka Miyendo pa Siwa

Gracian anali munthu wofatsa, koma kufatsa kwake kunkathera pa chitseko cha kabati ya pabalaza. Mmenemo munkakhala kandege kotalika ngati mkono, kamene ankakapanga akaweruka kokonza mafoni ku Limbe. Thupi ndi mapiko adamaliza kalekale. Chimene chidamudyera miyezi ndi miyendo yoterera: timachubu ta eriyo ya wailesi tolowetsana, masipuling'i a bolopeni mkati mwake, matayala a mawashala a mpopi.

Womuweruza anali mmodzi yekha, bambo ake a Zuze, amene ankakonza miyendo ya ndege zenizeni ku Chileka shuga asanawachititse khungu. Mkuluyu kuyamika sankakudziwa. Ankadina kandegeko pamphuno ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Mwendo wakutsogolowu ndi chitsa, Gracian. Ndege ikatera imagwada pang'ono kenako n'kudzuka. Iyi ikhoza kupha anthu."

Gracian ankapsa mtima, n'kumasula, n'kuyambiranso. Tsiku lina mwendo uja udagwada n'kudzuka bwinobwino. Sabata imeneyo a Zuze anali m'chipatala, ndipo Gracian adati awadikire adzadine okha kunyumba. M'mawa mwake mkuluyo adatsikira kulichete.

Pochoka ku motchale Gracian anali atatsimikiza mumtima: bokosi lisanatsekedwe agwira chala cha bambo ake n'kuchidinitsa pa mwendowo, onena anene.

Koma kwawo ku Nkolokosa maliro sadikira mwini nyumba. Adapeza anansi atayala kale masamba pamsewu, atatulutsa katundu yense pabalaza monga mwa mwambo, kuti amayi apeze pokhala. Kabati inali kuseri, yopanda kanthu. Kandege adakapeza kuchipinda, pansi, atakasanjikiza beseni lodzaza mbale. Miyendo yonse inali itatambalala ngati ya chule wopondedwa.

"Tasamala zonse, achimwene," adatero a Salome, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi, akupukuta manja pachitenje. "Kachidole ka ana kaja takaika pansi kuti kasagwe."

"Chidole? Ana ake ati m'nyumba muno? Wakutumani kutsegula kabati yanga ndani, mayi?"

Mawu adakwera. Adawanena manja oyabwa, adakankha beseni mbale n'kumwazika. Amayi a pabalaza, pomva phokosolo, adangowonjezera kulira. Abambo awiri adamugwira m'mapewa mwachifundo chenicheni, chimene chidamukwiyitsa koposa.

"Limbani mtima, achimwene. Njira ndi yomweyi tonsefe."

"Mutayeni alire," adatero a Salome. "Anali bambo ake."

Munthu ungamenyane bwanji ndi anthu amene asiya ntchito zawo kudzakuphikira ndi kukuimbira nyimbo? Gracian adakhala pansi ali ndi ukali wosowa pougwetsera. Adayesa kuwongola kachubu ka mwendo wakutsogolo, kadathyokera m'manja. Pa siwa sayatsa chowotcherera nthambo, ndipo olowa kudzapepesa sankatha.

Pa nthawi yoona nkhope adadutsa pabokosi manja ali lende. Adakwiyira a Salome, adadzikwiyira yekha chifukwa chosanyamula kandegeko kupita nako kuchipatala, ndipo kwambiri adakwiyira mkulu amene adagona apo milomo ili yotseka. A Zuze adapita akudziwa kuti mwana wawo sadziwa kupanga mwendo wa ndege, ndipo panalibenso njira yowauzira kuti adalakwitsa.