Kapu Yachitsulo ya pa Mgonero

Apongozi anga, mayi Suvarthamma, anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, chaka chomwe amuna awo anamwalira. Atangodziwa kulumikiza zilembo anagula Baibulo la Chitelugu, chiyankhulo chathu, la zilembo zikuluzikulu, nayambira tsamba loyamba. Linawatengera zaka zitatu. Ankawerenga mokweza, chala chili pamzere, mpunga uli pamoto, ndipo kangapo konse tinadya zopserera.

M'mudzi mwathu tchalitchi ndi chimodzi koma mitundu ndi iwiri. A kumtunda ndi oluka nsalu. Ife a kumunsi makolo athu ankasenda ng'ombe zakufa ndi kusoka nsapato. Pa Mgonero iwo ankamwera chikho chasiliva, ife tikabwera pambuyo ankatipatsa kapu yachitsulo, yonga yomwera tiyi kumsika. Ine pokwatiwa ndinazipeza choncho, ndipo sizinkandivuta.

Tsiku lomwe anamaliza tsamba lotsiriza anatseka bukulo n'kundiitana.

"Karuna, mulibemo."

"Mulibe chiyani, amayi?"

"Kapu ija. Ndafufuza monse."

Lamulungu lotsatira linali la Mgonero. Abusa Anandarao, omwe anali asanathe chaka pa ubusa, anafika pa njinga yamoto monga ankachitira kamodzi pamwezi. Woperekera kapu kwa ife anali mkulu wampingo, bambo Devadanam, mwini minda yampunga yomwe banja lathu linkagwirako ganyu. A kumtunda atamwa, ife tinagwada pamzere. Kapu itafika pa apongozi, iwo anabisa manja m'nsalu.

"Imwa, anthu akudikira," anatero bambo Devadanam.

"Ndimwa. Koma mundipatse chasiliva chija."

Woimba limba anasiyira nyimbo pakati.

"Iwe Suvarthamma, wapenga?"

"Kapena ndapengadi, bambo. Koma ine ndawerenga kuti Ambuye ananyamula chikho chimodzi, onse n'kumweramo. Paja ndimawerenga ngati nkhono, mwina ndinadumpha mzere. Inu ophunzira ndisonyezeni pomwe pali chachiwiri. Mukandisonyeza ndimwa pompano, ndinyambitenso kapuyo."

Anasolola Baibulo lawo kukhwapa n'kuwaloza nalo. Bambo Devadanam sanalandire.

"Kapuyo ikani pansi, siithawa," anatero apongozi.

Ndinawakoka nsalu, iwo anandimenya dzanja osacheuka n'komwe. Abusa anatseka mapemphero mothamanga, naitana akuluakulu kuti tikakambirane panja, pansi pa mtengo wa nimu. Koma palibe amene anapita kwawo. Mpingo wonse unatizungulira.

Bambo Devadanam analankhula nthawi yaitali. Anati ndi mwambo wa makolo. Anati tchalitchicho anamanga ndi agogo awo, chikho chasilivacho anapereka ndi agogo awo omwewo, ndipo zaka zonsezi takhala mwamtendere popanda wodandaula.

"Agogo anu anamanga makoma, zikomo," anayankha apongozi. "Koma gomelo si lawo. Lamulungu lililonse inu nomwe mumatsegula bukuli n'kunena kuti imvani mawu a Mulungu, ife n'kuimirira. Sindinakumvenipo mukuti imvani mawu a agogo anga."

Wina kumbuyo anaseka, n'kunamizira kutsokomola.

"Zilembo waphunzira dzulodzuloli, lero ufuna kuphunzitsa mpingo?" anafunsa bambo Devadanam.

"Ayi, ine ndikungofunsa. Abusa, inu munakhala zaka zinayi kusukulu yaubusa. Kapu yachiwiri ilimo?"

Abusa anayang'ana nsapato zawo. Mpunga womwe ankadya pakhomo pawo unkachokera kwa bambo Devadanam, aliyense ankadziwa.

"Mulibe, mayi," anatero chapansipansi.

"Kwezani mawu, makutu angawa akalamba."

"Mulibe."

M'mawa mwake titafika kumunda kukawoka mpunga, kapitawo anatibweza tonse atatu, ine, amuna anga Prasad ndi apongozi. Prasad anakwiya koopsa.

"Amayi, kamwedwe kokhako mpaka kutichotsetsa ntchito? Vinyoyo si mmodzimodzi?"

"Ngati ndi mmodzimodzi, akuopa chiyani kumwera pomwe ndamwera ine? Mwana wanga, akandiuza kuti bukuli n'labodza ndilisiya, ndisiyenso kupita kutchalitchi. Koma sangandiuze kuti n'loona, kenaka n'kumachita zawo."

Tinayamba kukwera basi kukafuna ganyu kumudzi wina. Masiku ena tinkabwerako chimanjamanja, n'kudya mpunga wa tsabola ndi bwemba basi. Madzulo dzuwa lisanalowe amayi a kumunsi ankabwera pakhomo pathu, wina ndi mwana kumbuyo, wina ndi mtolo wa udzu wa njati zoweta, kuti apongozi awawerengere malo aja onena za chikho chimodzi. Ena ankati awerengenso kachiwiri, kuti asadzanamizidwe.

Mwezi utatha abusa anabweranso. Atatsegula kabati anapeza chikho chasiliva mulibe. Bambo Devadanam anali atachitengera kunyumba, ati ndi cha banja lawo, ndipo sichikhudza milomo ya osenda zikopa iwo ali moyo. Anakhala pa benchi lakutsogolo manja atapinda, kudikira kuti abusa alengeze kuti Mgonero walephereka.

Abusa anayang'ananso m'kabatimo. Kenaka anatenga kapu yachitsulo ija, anathiramo vinyo, anapemphera, n'kuyamba kumwa iwo eni.

"Gome lakonzeka," anatero. "Bwerani nonse."

A kumunsi tinapita, apongozi patsogolo. Mbali ya kumtunda kunali duu. Titabwerera m'malo mwathu tinamva ndodo ikugogoda pansi. Anali mayi Ratnamma, mlongo wawo wamkulu wa bambo Devadanam, wa zaka makumi asanu ndi atatu.

"Achemwali, khalani pansi!" anakuwa bambo Devadanam.

"Khala ndiwe. Ine ndakalamba, sindingadikire siliva wako."

Anagwada movutikira, namwa. Pambuyo pawo panabwera anthu asanu ndi mmodzi okha. Bambo Devadanam anatuluka, mabanja asanu ndi anayi n'kuwatsatira. Mpaka lero amapemphera pakhonde la nyumba yawo, ndipo ife kuminda yawo sitinaitanidwenso.

Tsiku lina tikudikira basi, bambo Devadanam anaimitsa njinga yawo patsogolo pathu.

"Wakondwa tsopano? Wagawa mpingo."

"Unali wogawika kale, bambo," anatero apongozi. "Kungoti inu mumakhala mbali yomwe mng'alu suoneka. Lamulungu mubwere, benchi lanu lija palibe akukhalapo."

Bambo Devadanam analavula pansi n'kupalasa njinga. Basi inafika itadzaza, ndipo tinayenda choimirira mpaka kuganyu.